Dizilo wa m'munda: ntchito ya lipase

Anzanga, mu Biology tinaphunzira kuti lipase ndi enzyme imene imagaya mafuta m'matumbo mwathu. Ambirife tinangoloweza kuti tidzakhoze MSCE basi. Ine ndati ndikuonetseni kuti lipase yomweyi imathanso kusandutsa mafuta a mbewu kukhala dizilo woyendetsera chigayo kapena pampu ya madzi.

Nkhaniyi si yachilendo ayi. Mu 1900, pa chionetsero cha ku Paris, injini ya dizilo inayenda ndi mafuta a mtedza. Vuto ndi loti mafuta a mbewu ndi okhuthala kwambiri. Satentheka bwino, ndipo pakapita nthawi amatseka timabowo topopera mafuta mu injini. Ndiye amafunika kuwapepuza kaye.

Molekyu imodzi ya mafuta ili ngati foloko ya mano atatu. Chogwirira chake ndi glycerol, manowo ndi ma fatty acid. Tikathira methanol, mano atatu aja amathothoka, lililonse n'kugwirana ndi methanol. Zimene zatulukazo ndi ma ester, ndipo ndiye biodiesel ameneyo. Glycerol amatsalira pansi chifukwa ndi wolemera. Mwachidule: molekyu 1 ya mafuta ndi 3 za methanol zimabala ma ester 3 ndi glycerol 1. Pa makilogalamu 100 a mafuta mumalowa pafupifupi 11 a methanol, n'kutuluka pafupifupi 100 a biodiesel ndi 10 a glycerol. Dzina lake ndi transesterification. Lilembeni m'kope.

Paokha, mafuta ndi methanol sagwirizana msanga. Pamafunika catalyst. Mafakitale ambiri amathira caustic soda, yemwe uja amapangira sopo, n'kutenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 60. Ntchito imatha mu ola limodzi kapena awiri. Koma mafuta akakhala akale, okhala ndi ma fatty acid omasuka ambiri, soda amangowasandutsa sopo. Umafuna dizilo, wapeza phala la sopo.

Apa ndi pamene lipase imaposa soda. Siipanga sopo. Ma fatty acid omasukawo imawasandutsanso ma ester. Imagwira ntchito pa madigiri 30 mpaka 50, ndiye nkhuni kapena magetsi sizipita zambiri, ndipo glycerol amatuluka woyera. Lipase ya m'fakitale saichotsa m'mimba mwa nyama. Amaikolola ku tizilombo ting'onoting'ono monga yisiti yotchedwa Candida antarctica, n'kuimatirira pa timikanda kuti akamaliza aisefe, aigwiritsenso ntchito.

Nanga bwanji aliyense sakuigwiritsa ntchito? Choyamba, ndi yodula. Chachiwiri, ndi yochedwa. Imatha kutenga tsiku lathunthu. Chachitatu, methanol akachuluka amaiwononga, mwina mukukumbukira mawu aja oti denature. N'chifukwa chake amamuthira pang'onopang'ono, kawirikawiri katatu.

Tsono tibwere kwathu kuno. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imamwa madzi a Namikokwe ndipo timakolola mpunga wambiri. Madeya a mpunga, osati mankhusu, ali ndi mafuta pafupifupi magawo 15 mpaka 20 pa 100 alionse. Alinso ndi lipase yawoyawo. Mpunga ukangopunthidwa, lipase ija imayamba kuphwanya mafuta, ndipo n'chifukwa chake madeya akakhalitsa amayamba fungo loipa. Mafuta oterewa ndi aja amakanika ndi soda, koma lipase savutika nawo. Palinso njere za thonje ndi msatsimanga. Kampani ya BERL ya ku Lilongwe inalimbikitsa alimi kudzala msatsimanga m'malire a minda, ngakhale kuti iyo cholinga chake chinali kusakaniza mafutawo ndi dizilo osawasandutsa ma ester. Ndipo kusakaniza sikwachilendo ku Malawi: ethanol wa ku Dwangwa wakhala akulowa mu petulo kuyambira 1982.

Funso lalikulu ndi la chakudya. Dizilo akasowa, chigayo chimaima, matola amakwera, tonse timadziwa. Koma kutenga mtedza kapena mpendadzuwa kukathira mu injini pamene kunyumba ndiwo zikuphikidwa popanda mafuta, kwa ine n'kulakwa. Nzeru ndi kuyambira pa zimene sitidya: madeya, njere za thonje, mafuta otsala pa chiwaya cha tchipisi.

Chenjezo: methanol ndi poizoni, amachititsa khungu ngakhale kupha. Njere za msatsimanga nazo sizidyedwa. Musayesere kunyumba.

Chimene mungayese ndi ichi. Tengani madeya atsopano a mpunga, muwagawe pawiri. Theka lina mukazinge pang'ono, linalo mulisiye. Sungani padera milungu iwiri, kenako mununkhize. Ndi ati amene asintha fungo, ndipo moto wachita chiyani kwa lipase? Lembani yankho lanu, mumate pansi pa nkhaniyi.