Kanyumba ka pa Namaka ndi Matabwa a ku Rapa Nui

1. M'maiko ambiri muli nyumba zosungiramo zinthu zakale. M'nyumbazo anthu sagulamo kanthu, ndiponso sagonamo. Amalowamo kuti aone makasu, mbiya, mikondo, zovala ndi zithunzi za makolo ao, ndi kudziwa umo anali kukhalira. Nyumba yotere yodziwika kwambiri m'dziko lathu ili pa Chichiri mu Blantyre, ndipo inatsegulidwa m'chaka cha 1966. Koma m'boma lathu lino la Chiradzulu mulinso kena kakang'ono pa Namaka, m'mbali mwa msewu wochokera ku Blantyre kunka ku Zomba. Dzina lake ndi Mtengatenga. Kale kanali kanyumba kopumuliramo amuna onyamula makalata, ndipo m'chaka cha 1991 boma linakapatula kuti kasunge mbiri ya ntchitoyo.

2. Mnyamata wina wa kwa Nchema anamva za kanyumbako kusukulu, napempha agogo ake aamuna kuti amperekeze. Tsiku lina pa nyengo ya tchuthi analawira m'mamawa, nafika pa Namaka dzuwa litakwera. Mnyamata pakuona kanyumbako anakhumudwa, nati, "Agogo, kodi ndi komweka? Si kachepa nanga! Tavutikiranji ulendo wonsewu?" Agogo anamyankha nati, "Dekha, mdzukulu wanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndipo analowa, naona zinthu zakale za ntchito ya makalata. Mnyamata anaziyang'ana msangamsanga, nafuna kutuluka, pakuti kwa iye zinali zinthu wamba zosanena kanthu.

3. Tsono mbiri ya ntchitoyo ndi iyi. M'chaka cha 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston, amene anali mkulu wa boma, anayambitsa ntchito ya positi. Masiku amenewo kunalibe njanji, kunalibenso galimoto. Makalata a kunja anali kufikira ku Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja ya mchere, nakwera pa sitima za pamadzi m'Zambezi ndi m'Shire kufikira ku Chiromo. Kuchokera pamenepo anali kuyenda pamutu ndi paphewa pa anthu. Anthuwo ndiwo amtengatenga. Njanji inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, koma siinapite ku Zomba, kumene kunali likulu la boma kufikira 1975. Ulendo wa pakati pa mizinda iwiriyi uposa makilomita 60, chifukwa chake kunafunika malo opumulirapo chapakati pa njira.

4. Atatuluka, agogo anakhala pansi pafupi ndi khomo, naitana mnyamata, nati, "Khala apa, ndikuuze. Agogo anga anali mmodzi wa amunawo. Anali kuvala malaya ofiira ndi chisoti chofiira, koma nsapato analibe. Anali kuyenda usiku, kaya kuli mwezi kaya kuli mvula. Mkango ukabangula chapafupi, maondo anali kugwedezeka, koma thumba sanalitaye, pakuti anati, 'M'thumbamu muli mau a eni ake.' Mwina munali kalata ya bwana wa boma. Mwina munali ya munthu wosauka amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, kapena ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo mkazi wake kumudzi anali kudikira kumva ngati ali moyo. Koma iwo amene anasenza mau onsewo sanadziwe kuwerenga ngakhale lemba limodzi."

5. Mnyamata anakhala chete, nayang'ananso kanyumba kaja. Pomwepo anafunsa nati, "Agogo, nanga mantha akawagwira usiku, anali kuchitanji?" Agogo anati, "Anali kuimba. Inalipo nyimbo yao ya panjira." Ndipo anayamba kuimba, koma asanafike pakati analeka, nawerama mutu. Anati, "Yathawa. Muja anali kuimba ine ndinali mwana wokonda masewera, sindinasamale. Lero ndikafunse yani?"

6. Kapena wina adzati, nyimbo imodzi ikatayika palibe kanthu. Koma tamvani, ananu, zimene zinaoneka kwa anthu a pa chilumba china cha kutali. Pakati pa nyanja yaikulu ya Pacific pali zilumba zambiri zotchedwa Polynesia. Makolo a anthu a kumeneko anali akatswiri a ngalawa: anaoloka nyanja masiku ambiri osaona mtunda, nadziwa njira pakuyang'ana nyenyezi, mafunde ndi mbalame. Chimodzi cha zilumbazo ndi Rapa Nui. N'chaching'ono, sichifika ngakhale theka la boma la Chiradzulu, ndipo chili pafupifupi makilomita 3,500 kuchokera ku dziko la Chile. Azungu anachitcha Easter Island, chifukwa woyenda panyanja wa ku Holland, Jacob Roggeveen, anafikako pa tsiku la Pasaka m'chaka cha 1722.

7. Anthu a pa Rapa Nui anasema ziboliboli za miyala zoposa 800 zokumbutsa makolo ao, nazitcha moai. Zambiri n'zazitali kuposa nyumba ya m'mudzi. Analinso ndi malemba aoao otchedwa rongorongo, amene anali kuzokota pamatabwa m'mizere yoongoka, okhala ngati timbalame, tinsomba ndi tianthu. Koma m'chaka cha 1862 kunafika zombo zochokera ku Peru, nizigwira anthu oposa 1,000 kunka nao ku ukapolo, ndipo mwa iwo munali mfumu ndi akulu odziwa zakale. Owerengeka okha anabwerera, nabwera ndi nthomba, imene inapha ambiri mwa otsala. Pofika 1877 pachilumba ponse panatsala anthu 111 okha. Tsoka lotere silachilendo kwa ife, pakuti m'zaka zomwezo kunonso kunali nkhondo za ogwira akapolo, ndipo m'chaka cha 1861 Bishopu Mackenzie anasonkhanitsa anthu omasulidwa m'magoli ku Magomero, m'dera lathu lomwe lino.

8. Matabwa a rongorongo amene anapulumuka safika 30. Asungidwa bwino m'nyumba za zinthu zakale ku Rome, ku London, ku Santiago ndi kwina. Chiswe sichiwadya, mvula siiwanyowetsa. Anthu ophunzira kwambiri awayesa zaka zoposa 100, koma kufikira lero palibe munthu angathe kuwawerenga. Matabwa alipo, mau ake anapita ndi eni ake kumanda.

9. Koma si zonse zinatayika. M'chaka cha 1935 kunafika wansembe wa ku Germany, dzina lake Sebastian Englert, nakhala ndi anthuwo zaka zoposa 30. Iye anaphunzira chinenero chao, nakhala pansi pamodzi ndi nkhalamba, nalemba nthano ndi mbiri zimene zinamuuza. Anamwalira m'chaka cha 1969, ndipo mu 1973 pachilumbapo anatsegula nyumba yaing'ono ya zinthu zakale, naitcha dzina lake. Alendo ndi ana a sukulu amalowamo kuti aphunzire za makolo a pachilumbapo. Zimene nkhalamba zija zinanena ndi kulembedwa zikudziwika. Zimene palibe anazifunsa pa nthawi yake zakhala chinsinsi.

10. Tsono taonani, nyumba ya zinthu zakale ingathe kusunga thumba, chisoti kapena thabwa, koma singathe kusunga zimene zili m'mutu mwa nkhalamba. Chinthu chakale chimalankhula pokhapokha pali munthu wodziwa mbiri yake. Kwa mnyamata uja kanyumba ka pa Namaka kanali kopanda pake kufikira agogo ake anatsegula pakamwa.

11. Atabwerera kwa Nchema, mnyamata anatenga kope lake lakale limene munatsala masamba, nalembamo zonse anazimva, ndi mau a nyimbo ija mpaka pamene inadukira. M'mawa mwake anapita kwa alongo ao a agogo ake, mai okalamba ndithu, nagwada, nati, "Agogo, kodi mukumbukira nyimbo ya amtengatenga?" Maiwo anaseka, naleka kusenda chinangwa, naimba mizere iwiri imene alongo ao anaiwala. Yotsalayo iwonso inawathawa. Mnyamata analemba iwiriyo, nasiya malo pansi pake, kuti kapena adzapeza wina woidziwa.

12. Inunso, ananu, m'midzi mwanu muli zinthu zakale: mtondo wa agogo, mkondo wopachikidwa kudenga, mbiya imene anaumba munthu amene anamwalira kale. Mulinso nkhalamba zodziwa kumene mtundu wanu unachokera, kaya ndinu Amang'anja, Ayao, Alomwe kapena Angoni. Pitani kwa iwo mwaulemu, pa nthawi imene apuma ku ntchito. Funsani dzina la chinthucho, amene anachipanga, ndi ntchito yake. Lembani monga momwe anenera, osaonjeza zanu, ndipo mulembenso tsiku limene mwamva. Musati mudzafunsa mawa, pakuti akulu sakhala nafe masiku onse.

Mafunso

1. Kodi kanyumba ka pa Namaka kanali ka ntchito yanji kale?
2. Tchulani njira imene kalata yochokera kunja inali kuyenda kuchokera ku Chinde kufikira ku Zomba.
3. Chifukwa ninji mtengatenga uja sanataye thumba ngakhale anamva mkango?
4. Chinachitika n'chiyani pa Rapa Nui m'chaka cha 1862?
5. Chifukwa ninji palibe munthu angathe kuwerenga matabwa a rongorongo?
6. Funsani munthu wokalamba wa m'mudzi mwanu za chinthu chimodzi chakale. Mulembe mizere isanu ya zimene akuuzani, ndipo mubwere nayo kusukulu Lolemba.