Musanapopere M'dimba, Ganizirani Izi

Alimi ambiri amakhulupirira kuti mankhwala a masamba ndi osaopsa, oopsa ndi a m'botolo okha. Si choncho ayi. Mthuthu, womwe ena amati ombwe kapena katupe, uli ndi poizoni wotchedwa rotenone, ndipo kuyambira kale anthu amausinja n'kuthira m'maiwe kuti aphe nsomba. Madzi onyikamo fodya nawonso ali ndi nikotini wolowera pakhungu. Amene anathyolapo fodya wamame n'kumva chizungulire ndi nseru akudziwa zimene ndikunena. Ine madzi a fodya sindingawalole pa ndiwo zamasamba.

Yambani ndi kuona chimene chikudya mbewu zanu. Tembenuzani tsamba la mpiru kapena la repu. Ngati nsabwe zangounjikana pa masamba ochepa, thotholani masambawo kapena wazani madzi a sopo. Mbozi zowerengeka zitoleni ndi manja.

Zikachuluka, yesani nimu. Sinjani njere zake zouma, zinyikeni m'madzi usiku wonse, sefani ndi kansalu, ndipo poperani madzulo chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake msanga. Musayembekeze kuona tizilombo titagwa nthawi yomweyo; timayamba taleka kudya, kenako n'kumafa pang'onopang'ono. Mthuthu mugwiritse ntchito kutali ndi mtsinje ndi damu la nsomba, ndipo manja akhale otchinjirizidwa.

Mukafika pogula mankhwala a kusitolo, pamenepo ndiye posafunika changu. Gulani m'sitolo ya chilolezo cha bungwe la Pesticides Control Board, mankhwalawo ali m'botolo lake lolembedwa bwino. A pamsika othiridwa m'tibotolo ta zakumwa asiyeni, ngakhale atchipe bwanji, chifukwa simudziwa chomwe chili m'katimo ngakhalenso muyezo wake. Onani mzere wa mtundu m'munsi mwa chikalata cha pabotolo: wofiira ndi woopsa kwambiri, wotsatira wachikasu, kenako wabuluu ndi wobiriwira. Sungunulani pa muyezo wolembedwawo, osati "kachivindikiro kowonjezera kuti agwire". Valani malaya a manja aatali, majombo, magolovesi ndi chotchinga kukamwa ndi mphuno, ndipo mphepo iwombe kuchokera kumbuyo kwanu. Mankhwala a cypermethrin amapha njuchi ndi nsomba, choncho musapopere mbewu zili m'maluwa, ndipo sipuleya musatsukire kumtsinje.

Chimene chimandipweteka mtima ndi tomato wopoperedwa dzulo, lero ali pamsika. Botolo lililonse limanena masiku oyenera kudikira musanakolole. Adikireni onse, pakuti tomatoyo akadyedwa ndi mwana wa munthu.

Botolo likatha, litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenako mulibowole kuti wina asadzasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Munthu akamwa mankhwala mwangozi, musamusanzitse kapena kum'mwetsa mkaka. Akatayikiridwa, m'vuleni zovalazo n'kum'sambitsa ndi sopo. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo lija, kuti adokotala adziwe poyambira.