KODI MUDZI WA RAMESESI UNALI KUTI?

Pa Eksodo 1:11 tiwerenga za midzi iwiri imene ana a Israyeli anamangira Farao mwa thangata, ndiyo Pitomu ndi Ramesesi. Pa Eksodo 12:37 tiona kuti ulendo wao woturuka m'Aigupto unayambira ku Ramesesiko. Tsono ana a sukulu akatifunsa malo ace, tiyenera kuwayankha zoona.

Ophunzira ambiri abvomerezana kuti mudziwo ndiwo umene Aaigupto anaucha Pi-Ramesses, ndiko kunena Nyumba ya Ramesesi. Mwini wace anali Ramesses II, amene anakhala mfumu zaka 66, kuyambira 1279 kufikira 1213 Kristu asanabadwe.

M'caka ca 1929 Pierre Montet wa ku France anayamba kukumba pa Tanis, pamene Baibulo apacha Zoani. Anapezapo miyala yambiri yolembedwa dzina la mfumuyo, nakhulupirira kuti mudzi uja ndi womwewo. Koma mu 1928 Mahmoud Hamza, Mwaigupto, anali atafukula zoumba za dzina lomwelo pa Qantir, ulendo wa tsiku limodzi kumwera kwa Tanis. Wolondola ndani?

Ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mlandu uwu sutibvuta kumva. Mudzi ukasamuka, anthu asenza mphero, zitseko ndi nsici kunka nazo kumalo atsopano. Mlendo akaona mphero yakale pakhomo angayese kuti makolo anakhala pomwepo. Koma bwinja lidziwika ndi mapale, phulusa la padzala ndi manda, pakuti izi palibe azinyamula.

Momwemonso ku Aigupto. Manfred Bietak wa ku Austria, amene anayamba kukumba pafupi ndi Qantir mu 1966, anaonetsa kuti mphanda ya mtsinje wa Nile yopita pamenepo inatsekeka ndi matope. Madzi atasowa, mafumu a pambuyo pace anazula mafano ndi zipilala nazikokera ku Tanis. Koma maziko a nyumba ya mfumu ndi makola a akavalo ace anatsala m'nthaka ya Qantir, ndi mapazi a fano lace lalikuru akali pomwepo pakati pa minda.

Cifukwa cace tiwauze ana kuti Ramesesi anali pa Qantir, m'dera la kum'mawa kwa mathiriro a Nile, kumene kunali Goseni. Tiwaphunzitsenso kusathamangira kuweruza pomva mboni imodzi, ingakhale mboni ya mwala.