Kuzonda odwala matenda a mgonagona: malangizo kwa akhristu a m'milaga ndi m'miphakati

Munthu akangodwala, mpingo umathamanga. Sabata yoyamba pakhomo pamadzaza, nyimbo zili pakamwa. Koma sitiroko, khansa, shuga ndi ukalamba wofoola miyendo sizitha pa sabata imodzi. Pakapita miyezi, mapazi amazilala, wodwala n'kutsala ndi munthu mmodzi yekha womusamalira, kawirikawiri mkazi wake, mwana wamkazi kapena mdzukulu. Mbusa ali ndi mpingo waukulu ndi nthambi zake, wansembe ali ndi matchalitchi ambiri m'parishi, ndipo sangafike pakhomo lililonse sabata ndi sabata. Ife oyandikana ndi wodwalayo tingathe.

Maziko alipo kale. Chigwirizano cha amayi mu Sinodi ya Nkhoma chinayamba mu 1940. Sinodi ya Blantyre ili ndi Mvano, ya Livingstonia ili ndi Umanyano, a Seventh-day Adventist ali ndi Dorika. Akatolika ali ndi miphakati, imene inazika mizu m'zaka za m'ma 1970, Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe ali mmodzi mwa oilimbikitsa. Chimene chimasowa ndi dongosolo loti kuzonda kusamathere panjira.

1. Lembani mayina ndi kugawana masiku

Pa msonkhano wa mlaga kapena mphakati, funsanani kuti ndani amene sakuoneka kutchalitchi masiku ano. Lembani mayina m'kope, ndipo pa dzina lililonse ikani anthu awiri ndi tsiku lawo. Mutu umodzi susenza denga: anthu asanu ndi atatu atagawana awiriawiri, wodwala amaona mlendo sabata iliyonse popanda wina kutopa. Ngati wodwala ndi mayi, pakati pa awiriwo pakhale mayi. Ngati ndi bambo, abambo asasiyire amayi ntchitoyi, chifukwa pali zina, monga kumusambitsa ndi kumumeta, zimene bambo amamasuka nazo kwa mwamuna mnzake.

2. Funsani musanapite

Tumizani uthenga kapena imbani foni kwa womusamalira. Funsani nthawi yabwino komanso chimene chikusowa pakhomo. Ambiri timangonyamula Fanta ndi mabanzi, pamene wodwalayo ali ndi shuga ndipo madokotala anamuletsa zotsekemera. Mwina chikusowa ndi sopo, ufa wa phala, mazira, makala, kapena ndalama ya kabaza yokatengera mankhwala.

3. Mukafika, khalani pansi ndi kumvetsera

Odirani, sambani m'manja ndi sopo, ndipo muyambe mwalonjera womusamalira. Kwa wodwala musaime chilili. Khalani pamkeka kapena pampando waufupi kuti nkhope zanu zilingane. Funsani kuti, "Agogo, thupi likuti bwanji lero?" kenako dikirani. Wodwala sitiroko amachedwa kutulutsa mawu, choncho musamumalizire. Akalira, musathamangire kunena kuti "limbani mtima". Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete, ndipo anayamba kumupweteka atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa cha mavuto ake. Theka la ola ndi lokwanira. Ngati wodwala akutsokomola chifuwa chachikulu, tsegulani mawindo kapena chezerani pakhonde.

4. Samalani lilime

Pali mawu amene amawonjezera matenda. Musafunse kuti, "Kodi simunalakwire munthu?" Musaloze chala wachibale kuti ndiye wamulodza, chifukwa mawu otere aphwasula mabanja ndipo aphetsa okalamba osalakwa. Musasimbe za uje amene anadwala chimodzimodzi n'kumwalira. Koposa zonse, musauze munthu kuti asiye mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Ma ARV, amene boma la Malawi linayamba kupereka mwaulere mu 2004, amamwedwa tsiku lililonse moyo wonse, ndipo munthu akasiya, kachilombo kamachulukananso. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ngakhale munthu atayamba kupeza bwino. Mkhristu wabwino amafunsa kuti, "Mankhwala alipo? Tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti?"

5. Pumitsani womusamalira

Uyu ndi amene amaiwalika. Amagona pansi pafupi ndi wodwala, amadzuka usiku, amachapa zofunda m'mawa uliwonse, ndipo munda kapena geni yake inaima. Muyang'aneni m'maso n'kumufunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, mwadya? Mwagona?" Musamuuze kuti "mukafuna kanthu mutiuze", chifukwa manyazi sangamulole. Tengani ndowa mukatunge madzi, wazani nkhuni, sesani pabwalo. Muuzeni kuti, "Kapumeni, tikhala nawo ife mpaka dzuwa lipendeke." Nthawi ya dzinja, achinyamata a mumpingo akamupalirire munda.

Phunziraninso ntchito za pamphasa. Wodwala wosadzuka amafunika kutembenuzidwa pa maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Yang'anani m'chiuno, m'matako ndi kuzidendene ngati khungu layamba kufiira kapena kuda, ndipo pogona pakhale pouma. Pomudyetsa, mukhazikeni tsonga, mupatseni phala pang'onopang'ono ndi supuni kuti asatsamwidwe. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuonetseni zonsezi mukamuitana ku msonkhano wa mlaga.

6. Pempherani mwachidule, mutapempha chilolezo

Funsani kuti, "Tingapemphere nanu? Mukufuna titchule chiyani?" Mudzadabwa kuti ambiri amatchula fizi ya ana asanatchule ululu wawo. Werengani ndime yaifupi, imbani motsitsa mawu nyimbo imene iye amaikonda, osati imene mumaikonda inu. Wodwala amalakalakanso Mgonero wa Ambuye kapena Ukaristia, choncho kadziwitseni abusa, mkulu wa mpingo kapena abambo mfumu kuti amufikire.

7. Sungani chinsinsi

Zimene mwaona ndi kumva m'nyumbamo zitsale momwemo. Dzina la matenda si lanu kuti mulilengeze, kaya kutchalitchi, kaya pa gulu la WhatsApp, ngakhale m'dzina la kupempherera. Funsani banja chimene likulola kuti mpingo umve. Mukaulula kamodzi, khomo limenelo silidzakutsegukiraninso, ndipo odwala ena adzayamba kubisala.

8. Dziwani pamene pakufunika ena

Wodwala akamabanika, akakomoka, akaleka kumwa madzi, kapena zilonda zikayamba kununkha, thandizani banja kupeza galimoto yopita kuchipatala tsiku lomwelo. Akamanena zofuna kudzipha, musazitenge ngati zocheza: musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo dziwitsani achibale, abusa ndi achipatala. Mukaona nkhanza kapena kulandana katundu, uzani akulu a mpingo ndi amfumu.

Potsanzika, tchulani tsiku lodzabweranso, ndipo mulisunge, chifukwa wodwala amawerenga masiku. Kamodzi pamwezi, ozonda nonse kumanani, muone m'kope ngati pali khomo limene ladumphidwa, mumve amene watopa, ndipo mumulowetse wina m'malo mwake kwa kanthawi. Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, musabalalike musanalembe dzina loyamba ndi anthu awiri okalizonda.