Fomu ya ku Sukulu ya Udokotala Imayamba Kulembedwa mu Fomu 3

Mawu Oyamba

Ana a ku pulayimale akafunsidwa ntchito imene akufuna kudzagwira akakula, ambiri amayankha kuti udokotala. Koma pofika nthawi yotulutsa mayina a amene asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede, amene amapeza malo ophunzira udokotala amakhala ochepa kwambiri. N'zoona kuti malo ndi ochepa ndipo olimbirana ndi ambiri. Komabe, pa ophunzira amene ndakhala ndikuwathandiza maphunziro pa nthawi ya tchuthi, ndaona kuti ena amataya mwayi osati chifukwa chochepa nzeru, koma chifukwa chodziwa mochedwa zimene zimafunika. Amayamba kufunsa zotsatira za mayeso zitatuluka kale, madzi atafika m'khosi.

Mu nkhani ino ndifotokoza njira imene wophunzira wa ku Malawi amadutsa kuti akalowe sukulu ya udokotala, ndi momwe angakonzere pempho lake kuti lipikisane ndi anzake. Mfundo yanga yaikulu ndi yakuti pempho lamphamvu silikonzedwa tsiku lolemba fomu. Limayamba kukonzedwa zaka ziwiri m'mbuyo, wophunzira akamasankha maphunziro olowa nawo mu Fomu 3.

Komwe Madokotala Amaphunzira

Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kutuluka m'dziko muno. Daniel Sharpe Malekebu anamaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College ku America mu 1917, ndipo Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937. Sukulu yathu yoyamba yophunzitsa madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ngati nthambi ya Yunivesite ya Malawi. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing ndi kupanga yunivesite yoima payokha ya Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amangoti KUHeS.

Wophunzira wochokera ku MSCE salowa m'kalasi ya udokotala mwachindunji. Amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, chomwe ophunzira amachitcha "premed". M'chaka chimenechi amazama ndi Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Akakhoza, amayamba zaka zisanu za digiri ya MBBS. Zaka zoyambirira amaphunzira za thupi la munthu ndi matenda, ndipo zaka zotsatira amazithera m'mawodi, makamaka ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Akalandira digiri amagwirabe ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu kwa miyezi 18 asanalembetsedwe mokwanira ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Tikawonkhetsa, ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa walira mvula walira matope. Wopempha malo ayenera kudziwa kutalika kwa ulendo asananyamule katundu.

Gawo Loyamba: Kusankha Maphunziro

Wophunzira akamalowa Fomu 3 amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE. Apa ndi pamene ambiri amadzitsekera khomo osadziwa. Udokotala umafuna Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Amene wasiya Physics kapena Chemistry chifukwa anzake amuuza kuti n'zovuta, kapena chifukwa akuopa kuwononga mapointi, wadzichotsa yekha pa mpikisano. Ngakhale adzakhoze bwanji maphunziro enawo, fomu yake sidzayang'anidwa kawiri.

Vutoli ndi lalikulu m'sukulu zoyendera za m'madera, za CDSS, zomwe boma linakhazikitsa mu 1998 kuchokera ku malo ophunzirira a MCDE. Zambiri mwa sukuluzi zilibe labotale, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi osowa. Pamene mayeso a sayansi a MSCE ali ndi pepala lofuna kuti wophunzira agwire zipangizo ndi manja ake, ayeze, aone zotsatira, ndi kulemba. Mwana amene waona chipangizo pa chithunzi cha m'buku chokha amanjenjemera nacho tsiku la mayeso. Langizo langa kwa wophunzira wa pa sukulu yotere ndi lakuti asadikire. Apemphe mphunzitsi wamkulu kuti akambirane ndi sukulu yoyandikana nayo imene ili ndi labotale, ngakhale kukhale kupitako Loweruka lokha. Apange gulu la anthu anayi kapena asanu lowerengera limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Afunefunenso mapepala a mayeso a MANEB a zaka za m'mbuyo, ndipo aziwayankha akuyang'ana wotchi monga ali m'chipinda cha mayeso.

Gawo Lachiwiri: Kumvetsa Mapointi

Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka powonkhetsa maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino, kuphatikizapo Chingerezi. Choncho mapointi abwino koposa ndi 6. Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi.

Koma chiwerengero cha mapointi pachokha chimanyenga. Tiyerekeze ophunzira awiri. Woyamba wapeza 1 mu Chichewa, 1 mu Bible Knowledge, 1 mu Geography, 1 mu Agriculture, 2 mu History ndi 2 mu Chingerezi. Ali ndi mapointi 8, ndipo mudzi wonse ukumuimbira nthungululu. Koma mu Masamu ali ndi 5, mu Physics 6, mu Chemistry 6. Wachiwiri wapeza 1 mu Biology, 2 mu Chemistry, 2 mu Physics, 2 mu Masamu, 2 mu Agriculture ndi 3 mu Chingerezi. Ali ndi mapointi 12. Pa nkhani ya udokotala, wachiwiriyu ndiye ali ndi pempho lamphamvu, chifukwa wakhoza pamene pakufunika. Woyamba uja akhoza kupambana pa maphunziro ena, koma apa mapointi 8 akewo ndi chikomekome cha mkuyu.

Phunziro lake ndi lakuti wofuna udokotala agawe nthawi yowerenga mokondera. Maola amene mutu uli wopepuka, monga m'mbandakucha, awapereke ku sayansi ndi Masamu. Chingerezi asachinyoze poganiza kuti iye ndi wasayansi. Amene walephera kupeza kirediti mu Chingerezi sapita patali ngakhale atakhoza sayansi yonse, komanso mabuku ndi mayeso onse a udokotala ali m'Chingerezi.

Gawo Lachitatu: Kulemba Fomu

M'zaka za m'ma 2000 wofuna kulowa Yunivesite ya Malawi ankalembanso mayeso ena apadera atakhoza MSCE. Masiku ano ntchito yosankhira ophunzira ku mayunivesite a boma imayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la National Council for Higher Education, lomwe limadziwika kuti NCHE. Njira yogawa malo potengera boma lochokera, ija inkatchedwa kota, boma linalengeza kuti laithetsa mu 2020. Izi zikutanthauza kuti zimene zili pa satifiketi ndi pa fomu ndizo zimamuyankhulira munthu.

Chaka chilichonse bungweli limatulutsa chidziwitso chofotokoza maphunziro omwe alipo, zofunika pa phunziro lililonse, zaka za MSCE zimene zikulandiridwa, ndalama zolembetsera ndi tsiku lotsekera. Wopempha awerenge chidziwitso cha chaka chimenecho ndi maso ake, osati kudalira zimene mkulu wake anachita zaka zitatu zapitazo. Pamene sakumvetsa afunse mphunzitsi, chifukwa safunsa anadya phula. Polemba asamale zinthu izi.

Choyamba, mayina ndi nambala ya mayeso zifanane ndendende ndi zimene zili pa chikalata cha MANEB. Chilembo chimodzi cholakwika chingathe kumusokoneza munthu.

Chachiwiri, alipire ndalama zolembetsera m'njira yokhayo imene chidziwitso chanena, ndipo asunge risiti. Munthu aliyense amene akulonjeza kuti akupezerani malo mukamupatsa kangachepe ndi wakuba.

Chachitatu, asadikire tsiku lomaliza. Popeza mafomu amalembedwa pa intaneti, netiweki kapena magetsi zikhoza kuvuta tsiku lomwelo. Kwa wa kumudzi amene ayenera kukwera kabaza kuti akapeze kompyuta, sabata imodzi yapadera ndi chitetezo.

Chachinayi, ndipo chachikulu, asanje bwino maphunziro amene akusankha. Ngati mtima uli pa udokotala ndipo zotsatira zikulola, aike MBBS poyamba. Koma malo otsatirawo asawataye. Ku KUHeS komweko kuli maphunziro a zamankhwala, a zoyezayeza m'labotale, a unamwino ndi uzamba, a mafizo, komanso a udokotala wa mano omwe anayamba mu 2019. Ndaonapo ophunzira akudzaza malo onse ndi maphunziro olimbirana kwambiri okhaokha, kenako n'kutsala osasankhidwa kulikonse. Kusankha mwanzeru ndi kuika loto pamwamba, ndi kuika pansi pake phunziro limene zotsatira zako zikulifikira mosakayikitsa.

Gawo Lachinayi: Ndalama ndi Makalata

Kusankhidwa ndi chinthu china, kukhala pa sukulu zaka zisanu ndi chimodzi ndi chinanso. Pamafunika fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi laputopu. Boma linakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board mu 2015. Ngongoleyi sibwera yokha chifukwa munthu wasankhidwa, ili ndi fomu yakeyake ndi tsiku lake lotsekera. Banja liyambe kukambirana za ndalama mwana akadali mu Fomu 4, osati dzina litatuluka kale.

Mabungwe othandiza ophunzira komanso sukulu za kunja nthawi zambiri amafuna kalata yofotokoza chifukwa chimene munthu akufunira udokotala, ndipo ena amaitana munthu kuti akamufunse mafunso pamaso. Apa ndi pamene luso la chiyankhulo limagwira ntchito. Makalata ambiri amene ndawawerenga amayamba ndi mawu akuti wolembayo wakhala akufuna kuthandiza anthu kuyambira ali mwana. Mawuwa si abodza, koma aliyense amalemba omwewo. Kalata yabwino imanena chinthu chimodzi chenicheni chimene wolemba anaona kapena kuchita. Mwina anadikirira agogo ake m'chipatala kwa milungu iwiri naona momwe dokotala mmodzi amazungulira wodi yodzaza. Mwina anathandiza alangizi a zaumoyo pa sikelo ya ana m'mudzi mwawo. Afotokoze zimene anaphunzirapo, m'ziganizo zazifupi, popanda mawu akuluakulu obwereka. Asakopere kalata ya mnzake kapena ya pa intaneti, chifukwa pomufunsa pamaso adzalephera kuikira kumbuyo zimene sanalembe yekha. Kalata yomuchitira umboni ailembe mphunzitsi amene akumudziwadi, ndipo apemphedwe nthawi ikadalipo.

Kwa amene akuganiza zokaphunzira kunja, chenjezo ndi limodzi. Asanalipire kalikonse afunse ku Medical Council of Malawi ngati digiri ya sukuluyo idzavomerezedwa pobwera kumudzi. N'zowawa kugulitsa munda ndi ng'ombe chifukwa cha pepala limene silidzalola mwana kugwira wodwala.

Ngati Dzina Silinatuluke

Kusasankhidwa ulendo woyamba si mapeto. Ena amabwereza MSCE kuti akonze maphunziro a sayansi. Ena amadzera ku mayeso a A-Level, omwe amalola wokhoza bwino kupempha malo m'chaka choyamba cha MBBS osadutsa chaka chokonzekera chija. Ena amayamba ndi digiri ya sayansi, kapena dipuloma ya ukilinikala ku Malawi College of Health Sciences kapena ku sukulu za mishoni za CHAM, n'kudzapitiriza maphunziro pambuyo pake. Tisaiwale kuti m'zipatala zambiri za m'maboma, makilinikala ndiwo amaona odwala ochuluka ndi kuchita maopaleshoni a amayi oyembekezera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chofunika ndi kudzifunsa moona mtima ngati chimene ukufuna ndi kuchiza anthu kapena dzina lakuti dokotala. Ngati ndi kuchiza, makomo ndi angapo.

Mawu Omaliza

Ndafotokoza kuti pempho lamphamvu limamangidwa pa zinthu zinayi: kusankha maphunziro oyenera mu Fomu 3, kukhoza pamene pakufunika osati kungochepetsa mapointi, kulemba fomu mosamala, ndi kukonzekera ndalama ndi makalata nthawi isanathe. Pa zinayizi, choyamba ndicho chovuta kuchikonza chikalakwika, komanso ndicho chimachitika mwana akadali wamng'ono, wopanda womulangiza.

N'chifukwa chake ndikupempha ife amene tinafika kale ku yunivesite, ngakhale tikuphunzira ziyankhulo osati sayansi, kuti uthengawu tiutengere kwathu. Ambiri mwa ife tidzakhala aphunzitsi, ndipo tidzakumana ndi ana a Fomu 2 amene sanayambe aonapo munthu wa m'mudzi mwawo akukhala dokotala. Tiwauze zoona zake mwamsanga, m'chiyankhulo chimene iwo ndi makolo awo akumva. Paja akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba.