Laputopu ya ku galaja

Kalata yathu lero yachokera kwa makaniko wina wa ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe. Akuti akufuna laputopu yoti azilumikiza ku kompyuta ya injini ya galimoto, koma anzawo awaopseza kuti pafunika yodula kwambiri.

Achimwene a ku Biwi, mtima m'malo. Ntchito imeneyi sifuna makina amphamvu ngati osewerera magemu. Chachikulu, ikhale ya Windows, chifukwa mapulogalamu ambiri a galimoto, monga Techstream ya Toyota, amayendera pamenepo. Mabowo a USB akhale olimba, osagwedera, poti chingwe chochokera kunsi kwa chiwongolero chimalowa mmenemo. Lenovo ThinkPad kapena Dell Latitude yogwirapo kale ntchito ikukwanirani, ndipo imapirira fumbi ndi kugundagunda.

Koma batire, achimwene, batire! Laputopu ikazima muli mkati molemba zatsopano mu kompyuta ya injini, galimoto ya kasitomala ikhoza kukaniratu kulira. Pogula, zulani chaja, mukhale pansi, muone kuti ilimba nthawi yaitali bwanji.

Nanunso amakaniko nonse amene mukumvera, musanasinthe kalikonse, sungani kaye zomwe mwazipeza mu kompyutayo, ndipo batire ya galimoto ikhale yodzaza.