Phazi la Mwana Silidikira Malipiro

Ana anga, inu amene mwana wanu woyamba wangoyamba kumene kuyenda, konzekerani kumva mawu awa pamsika uliwonse umene mudzapite, kaya ndi ku Limbe, ku Tsoka ku Lilongwe kapena ku Mzuzu: "Tengani yomweyi mayi, adzakuliramo." Wogulitsa amatero akaona kuti nsapato ikukhwepa kuphazi la mwana ndipo inu mwayamba kukayika. Mawuwa savuta kulowa mumtima, pakuti ndi omwenso thumba lanu likunena. Ine ndikukupemphani kuti musawamvere.

Ndikudziwa chimene chimakupwetekani. Mwana wa chaka chimodzi kufikira zaka 3 amatha kusintha saizi pakangotha miyezi 3 kapena 4, ndipo ngakhale akafika zaka 5 phazi limasinthabe pafupifupi kawiri pachaka. Nsapato imene munamugulira pa Khirisimasi, pofika Pasaka yathina, chonsecho ikadali yonyezimira. Chigwere ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwambiri, ndipo nsapato zambiri zimene ana athu amavala n'zochokera kunja komweko. Kholo likafuna kuti peyala imodzi ithe zaka ziwiri silikulakwa m'maganizo. Vuto ndi loti nsapato yaikulu sichita zimene mukuyembekezazo.

Muoneni bwino mwana wovala nsapato yomukulira. Amapinda zala kuti aigwire isavuke, amakhwekhwereza mapazi, amapunthwa pamalo poti n'posalala. Chidendene chimangolowa n'kutuluka mpaka matuza. Mapepala kapena thonje limene timatsendera kutsogolo limakhwinyata tsiku lomwelo n'kuyamba kumulasa zala. Nsapatoyo imapindika pamalo polakwika, mphuno yake imaperepeseka ndi kukhwekhwereza kuja, ndipo pofika mwezi umene phazi likanaidzaza, yatha kale. Mumadzagulabe ina, mwana atavutika miyezi yonseyo pachabe.

Komabe ine imene ndimaiopa kwambiri ndi nsapato yothina, chifukwa imapweteka mwakachetechete. Phazi la munthu wamkulu lili ndi mafupa 26 olimba, koma la mwana wamng'ono mbali yaikulu ndi chicherewecherewe chimene chimakhwima pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Lili ngati mbiya yosaotcha: mukaipana imatsatira dzanja. Choncho phazi limalowa ndithu mu nsapato yochepa, zala n'kukwerana, mwana osalira. Makamaka akaikonda nsapatoyo, mukamufunsa kuti "ikukuthina?" amapukusa mutu. Musadikire kuti adandaule. Mwezi ukatha, muvuleni nsapato pamene wangobwera kosewera, muone ngati pali mizere yofiira pamwamba pa phazi, khungu lonyuka kuchidendene, kapena chikhadabo cha chala chachikulu chikulowa m'mnofu. Mwana amene amangovula nsapato paliponse, musathamangire kumunena kuti ndi wosamva; yambani mwaona phazi.

Njira yoyezera imene ndimaikhulupirira siifuna ndalama. Madzulo, pamene mapazi atupako ndi kuyenda kwa tsiku lonse, muimikeni mwana pa katoni atavala masokosi amene azidzavalira nsapatoyo. Aime chilili, asakhale pansi, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi. Jambulani mapazi onse awiri ndi pensulo, pakuti nthawi zambiri lina limakhala lalikulupo kuposa linzake, ndipo muyenera kutsatira lalikululo. Kutsogolo kwa chala chachitali onjezerani sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, basi. Malo okuliramo ndi amenewo, osapitirira apo. Dulani katoniyo muike m'chikwama. Pamsika muilowetse mu nsapato: ikapindika, nsapatoyo ndi yaing'ono; ikamasewera uku ndi uku, ndi yaikulu. Kudina mphuno ya nsapato ndi chala monga timachitira ambiri kumanamiza, chifukwa mwana akamva kudinako amabweza zala, inu n'kuganiza kuti malo alipo. Ngati kopondera kam'kati kakutheka kuchotsa, katulutseni mwana apondepo, mudzionere nokha malo otsala.

Manambala olembedwa kunsi kwa nsapato musawakhulupirire okha, makamaka pa kaunjika. M'belo limodzi mumatuluka nsapato za ku Britain, za ku America ndi za maiko ena a ku Ulaya, ndipo aliyense amawerenga mwakemwake. Imene yalembedwa 25 m'kawerengedwe ka ku Ulaya ndi pafupifupi 8 ya ana m'kawerengedwe ka ku Britain. Chosokoneza china, manambala a ana a ku Britain amathera pa 13 kenaka n'kuyambiranso pa 1. Ndiye mukatumiza uthenga kwa amalume ake a mwana amene ali ku Johannesburg kuti "amavala saizi 2," akhoza kukubweretserani ya khanda kapena ya mwana wa pulaimale, ndipo onse awiri mudzakhala mukunena zoona. Ayezereni phazi ndi lula muwauze masentimita, muwauzenso mwezi umene mwayeza, chifukwa katundu akachedwa panjira phazi likhala litapita patsogolo.

Kaunjika sindimunyoza. Nsapato yachikopa yovalidwapo pang'ono imaposa kutali yatsopano yopepera imene imang'aluka sabata yachiwiri. Koma pamuluwo pamafunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Gundanitsani nsapato ziwirizo kunsi ndi kunsi kuti muone ngati zilidi za peyala imodzi, popeza zofanana maonekedwe koma zosiyana saizi zimamangidwa pamodzi kawirikawiri. Ikani pansi posalala muziyang'ane chakumbuyo. Ngati chidendene chinadyekera mbali imodzi, isiyeni, ingamupendeketse mwana wanu kutsatira mayendedwe a mwana wina. Pisani dzanja m'kati mufufuze msomali, msoko wotukuka kapena dzenje kuchidendene. Kenaka ipindeni. Iyenera kupindika mosavuta pamene pamayambira zala, osati pakati. Pali mtundu wina wa soli imene ikakhalitsa m'nyumba zosungiramo katundu imafumbutuka yokha ngakhale ikuoneka yatsopano. Mukaipinda n'kuona timing'alu kapena tizidutswa tikuyoyoka, musapereke ndalama ngakhale atsitse mtengo chotani. Mukafika kunyumba ichapeni ndi sopo ndi kuiyanika mpaka iumiretu, chifukwa nthenda yonyerenyetsa pakati pa zala imakhalira m'nsapato zachinyontho. Nsapato yosiyirana pachibale nayonso ipimidwe chimodzimodzi. Kukhala ya mkulu wake sikutanthauza kuti imukwana mng'onoyo.

Za nsapato zasukulu, chaka chasukulu chimayamba mu September ndipo aliyense amathamangira kukagula sabata yomaliza, saizi zofunika zitatha. Pitani milungu iwiri kapena itatu sukulu isanatsegulidwe, koma osati kumayambiriro kwa tchuthi, chifukwa phazi silipuma pa holide. Amene mungakwanitse yachikopa chenicheni monga Toughees za ku Bata, imapirira fumbi ndi mpira wa pabwalo. Amene simungathe, gulani imene mwakwanitsa, koma isanavalidwe n'komwe ipititseni kwa wosoka nsapato aisokerere kuzungulira konse. Nsapato zambiri zotchipa anangozimata ndi guluu, ndipo guluu sapirira matope a December ndi January. Kusoketsa isanayasame ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi kukonzetsa itang'ambika. Ikanyowa musaiyanike pafupi ndi mbaula, chikopa chimauma gwa n'kusweka. Tsenderani manyuzipepala m'kati muisiye pamthunzi podutsa mphepo. Polishi nayenso si wongokongoletsa, amateteza chikopa ku madzi.

Wa kusukulu ya mkaka mugulireni yomata, osati yazingwe, kufikira ataphunzira kumanga yekha. Lembani dzina lake m'kati mwa nsapato zonse ziwiri. Ndipo tsiku limene adzabwere ndi imodzi, inayo osadziwa kumene waisiya (lidzafika ndithu tsikulo), mtima udzawawa pokumbukira mtengo wake, koma musamumenye. Mwana wa zaka 4 sadziwa mtengo wa chinthu. Mugwireni dzanja mubwerere naye m'njira imene anadzera, mufunse aphunzitsi ndi anzake. Zambiri zimapezeka pansi pa mtengo pamene amasewerera.

Pali nsapato zina zimene simuyenera kuonongerapo ndalama n'komwe. Khanda losayenda silifunika nsapato, masokosi akwana kukazizira. Ngakhale amene wayamba kuyenda, m'nyumba ndi pakhonde losesa bwino musiyeni apondeponde ndi phazi lake, ndi mmene zala ndi akakolo zimalimbira. Phazi lake likamaoneka lophwatalala musade nkhawa, ana ang'onoang'ono ambiri amakhala otero mpaka cha m'ma zaka 6. Koma likakhala lopindikira m'kati chibadwire, kapena mwana akamatsimphina ndi kudandaula ululu, nsapato siingawongole. Kaneneni kusikelo msanga, chifukwa phazi lopindika limachizika bwino mwana akadali wakhanda, ndipo chipatala cha Beit CURE ku Blantyre chimathandiza ana otere.

Kumene phazi liyenera kuvala nthawi zonse ndi kuchimbudzi, kudzala ndi panthaka yachinyontho. Pali njoka zam'mimba zimene ana azo amalowera pakhungu la phazi n'kukakhala m'matumbo kumayamwa magazi, mwana n'kumangofooka ndi kuyezuka. Kumalo afumbi kuli matekenya, ndipo minga ndi mabotolo osweka zili ponseponse. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona mwana ali ndi nsapato yodula yotsekeredwa m'sutikesi kudikira Lamulungu, pamene masiku ena onse akupita kuchimbudzi wopanda ngakhale patapata. Nsapato ya kutchalitchiyo idzathina itavalidwa kochepa chabe. Ndalama ikakhala ya peyala imodzi, gulani yoti azivala tsiku lililonse, yopepuka, yogwira chidendene, ndipo Loweruka madzulo muitsuke kuti akapite nayo kukapemphera. Anthu a kutchalitchi akayang'ana kumapazi a mwana wanu, asiyeni ayang'ane.

Mukapita naye mwanayo kumsika, pitani atadya ndiponso atagona mokwanira, chifukwa wanjala salola kuyezedwa. Adzalirira yoyaka timagetsi kapena yojambulidwa zidole, ndipo wogulitsa adzakhala mbali yake. Musakangane naye pagulu. Yambani inu mwasankha ziwiri zimene zakwana pa katoni ija, kenaka muuzeni kuti, "Pa ziwirizi, tenga imene waikonda." Akasankha, avale zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, ayende kufika pabenchi loyandikana nalo n'kubwerera, inu mukuyang'ana chidendene ngati chikuvuka, musanatulutse ndalama.